Kuseri kwa Mkanjo

Amayi ankapeta mawere palichero ku Chiparamba,
ine ndimapeta mafumu pakhonde la sitolo ku Kapata.
Liwu ndi lomwelo, mankhusu ndiwo asiyana:
anga ndi timaulusi tagolide tomata pachitenje,
tondiperekeza madzulo mpaka ku Mchini.

Aphunzitsi a Shawa anabwera ndi buku lothothoka chikuto
naloza chithunzi: mfumu yamakedzana ya kutsidya kwa nyanja,
khosi lili phwii m'mbale ya nsalu yopindapinda,
chifuwa chonse maluwa ndi mikango.
"Mutisokere chonchi, amake Dailesi. Tili nazo ndi izi."
Ndinawerenga kawiri.
Sizikanagula ngakhale mkono umodzi.

Ndiye ndinapita kukasalaula.
Ndinapeza katani yofiira, yolemera, yonunkha nyumba ya eni.
Ulusi ndinakongola kwa amwenye kumunsi kwa tauni.
Mabatani ndi zitsekerero za mabotolo zovekedwa nsanza,
kolala ndinailimbitsa ndi phala la chinangwa,
mikanda ndinadula mkufu wa paukwati wanga,
poti ukwatiwo unali utaduka kale.

Milungu isanu ndi umodzi.
Magetsi akathima, tochi ya foni pamano,
singano kulowa, kutuluka, kulowa.
Mkango sindinauonepo,
choncho wakumanzerewo wafanana ndi galu wa a Njobvu.
Pansi pa duwa lachitatu pali dontho la magazi anga;
duwalo pachithunzi panalibe.

Woyamba kuuvala anali Yotamu,
yemwe masana ankapalasa njinga, kuolotsa anthu pa Lunkhwakwa,
amene anali nane ngongole ya chigamba cha thalauzi.
Nditamanga chingwe chomaliza, msana wake unawongoka.
Anandiyang'ana chotsitsa maso
mpaka ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja.

Sewerolo sindinalionepo chakumaso.
Malo anga ndi kuseri kwa chinsalu, singano ili paduku.
Ndimadziwa mafumu ndi kumsana:
thukuta la Okutobala likujambula mapu pakati pa mapewa,
chipini chogwira pomwe nthawi inandithera.
Usiku umenewo atamubaya ndi lupanga lathabwa,
anagwa, holo yonse kuti mayo!
Ine ndinangomva kuti kwee, msoko wa m'khwapa.
Anthu ankalira mfumu,
ine ndikuwerenga masitichi.
Kenaka anadzuka, nasasa fumbi, nawerama,
mikanda yanga ikuphethira m'nyali.

Papita zaka khumi ndi zinayi.
Mafumu asanu ndi awiri afera mumkanjo umenewu.
Wonenepa ndinamufutukulira, wamfupi ndinamupindira,
ndipo ukautembenuza, onse alimo:
mfundo, zigamba, mizere ya choko, mchere wa matupi awo.
Kunja ndi kwa anthu olipira pakhomo.
Kuseriku ndiye kwanga.

Chaka chatha lole ya fodya inamupeza Yotamu
pamsewu wa ku Lundazi, thumba la makala lili pakaliyala.
Mlongo wake anabwera m'mamawa, maso ali psuu:
"Ankaukonda. Tiloleni apite nawo."
Ndinautulutsa m'sutikesi, ndinausita,
ndinaupinda bwinobwino,
kenaka ndinaubwezera momwemo.
Ndinati, mwanawe, undikhululukire,
uwu ndi mkanjo wa anthu ofa n'kudzukanso.
Sunaphunzire kugona pansi mpaka kalekale.

Anachoka osatsanzika. Sindimuimba mlandu.
Ndinasoka nsalu yoyera usiku wonse, osalipiritsa,
ndipo mkati mwa mpendero, mosaona munthu,
ndinapetamo kamkango kamodzi
kofanana ndi galu.

Mawa kukubwera mnyamata wina wa giredi leveni,
woonda ngati bango, mawu akadasweka.
Ndayamba kale kusomola mapewa.
Maso anga masiku ano salasa bowo la singano;
amandilowetsera ulusi ndi mwana wa Dailesi,
amene amafunsa tsiku lililonse
chifukwa chake mfumuyi simva kufa.